Mbiri ya Makhonsolo a Maphunziro a za Umunthu m'Zigawo za Dziko la America

Dziko la United States of America lili ndi mabungwe 56 amene amadziwika kuti makhonsolo a humanities. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za dzikolo chili ndi khonsolo yake, mzinda wa Washington uli ndi yake, ndipo makhonsolo asanu otsalawo ali pa zilumba za Puerto Rico, Guam, American Samoa, Northern Mariana Islands ndi Virgin Islands. Mawu akuti humanities amaimira maphunziro ofufuza moyo wa munthu kudzera m'zimene iye adachita, adalankhula, adalemba ndi kukhulupirira: mbiri yakale, zolembalemba, zilankhulo, nzeru za kaganizidwe, zipembedzo, malamulo ndi zofukula zakale. M'Chichewa tingawatche maphunziro a za umunthu. Ntchito ya makhonsolowa ndi kutulutsa maphunziro amenewa m'makalasi a yunivesite n'kuwafikitsa kumene anthu wamba amasonkhana kale, monga m'malaibulale a m'matauni aang'ono, m'maholo a matchalitchi, m'zipatala ndi m'ndende.

Makhonsolowa si nthambi za boma. Khonsolo iliyonse ndi bungwe loima palokha, losafuna phindu, lotsogoleredwa ndi bodi ya nzika za m'chigawocho. Komabe kuyambira mu 1971 msana wawo wakhala ndalama za msonkho zochokera ku boma lalikulu la ku Washington, kudzera m'bungwe la National Endowment for the Humanities, limene mwachidule limatchedwa NEH. Mbiri yawo yonse yazungulira pa mafunso awiri amene sadathe mpaka lero: ndani ayenera kulipira maphunziro otere, nanga ndani ayenera kusankha zimene anthu a dera lina adzamve ndi kukambirana?

Khalidwe losonkhana kukamvera ophunzira lidayamba boma lisadaikepo ndalama. Mu 1826 Josiah Holbrook adayambitsa gulu la lyceum ku Millbury m'chigawo cha Massachusetts, ndipo m'zaka zochepa matauni ambiri adali ndi timagulu tawo toitana alendo kudzakamba za sayansi, mbiri ndi makhalidwe. Mu 1874 Lewis Miller ndi mbusa John Heyl Vincent adatsegula msasa wophunzitsira aphunzitsi a Sande sukulu m'mphepete mwa nyanja ya Chautauqua ku New York. Msasawo udakula n'kubala gulu lalikulu la dzina lomwelo, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 matenti a Chautauqua ankayenda m'matauni a alimi, atanyamula okamba nkhani, oimba ndi ochita zisudzo. Zonsezi zinkadalira ndalama zapakhomo. Wailesi ndi kanema zitafala, kenako chuma cha dziko chitagwa mu 1929, matikiti adaleka kugulidwa ndipo matentiwo adapindidwa.

Kugwa kwa chumako ndi kumene kudakokera boma m'ntchito imeneyi kwa nthawi yoyamba. Mu 1935 boma la Franklin D. Roosevelt lidakhazikitsa Federal Writers' Project motsogozedwa ndi Henry Alsberg, n'cholinga chopatsa ntchito alembi, aphunzitsi ndi atolankhani amene adali pa ulova. Pachimake pake idalemba ntchito anthu oposa 6,000, ena mwa iwo ndi Zora Neale Hurston, Richard Wright ndi Ralph Ellison, amene pambuyo pake adatchuka. Adalemba mabuku ofotokoza chigawo chilichonse, misewu yake, ntchito zake ndi nthano zake. Chuma chachikulu chimene adasiya ndi maumboni oposa 2,300 a nkhalamba zimene zidabadwira mu ukapolo, olembedwa pakati pa 1936 ndi 1938, amene akusungidwa ku Library of Congress. Maumboniwa ali ndi chilema chodziwika bwino: ofunsa ambiri adali azungu, ndipo nkhalamba yachikuda ya kum'mwera kwa dzikolo m'masiku a tsankho sikadamasuka kunena zonse pamaso pa mzungu wonyamula cholembera cha boma. Ngakhale zili choncho, ntchitoyi ikadachedwa zaka khumi zokha, ambiri mwa eni mawuwo akadapezeka atapita kale kumanda.

Ntchitoyi sidakhalitse. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yotsogozedwa ndi Martin Dies idaiimba mlandu wosunga achikomyunizimu, ndipo mu 1939 udindo wolipira udakankhidwira ku zigawo mpaka ntchitoyo idatheratu mu 1943.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndalama za boma zidathamangira ku sayansi. Bungwe la National Science Foundation lidabadwa mu 1950, ndipo dziko la Soviet Union litaponya chombo cha Sputnik m'mlengalenga mu 1957, Nyumba ya Malamulo idathira ndalama zambiri m'masamu, sayansi ndi zilankhulo zakunja. Aphunzitsi a mbiri ndi zolembalemba adaona kuti akutsala m'mbuyo. Mu 1963 mabungwe atatu a ophunzira, American Council of Learned Societies, Council of Graduate Schools ndi Phi Beta Kappa, adapanga komiti yotsogozedwa ndi Barnaby Keeney, mkulu wa Brown University. Lipoti lawo la mu 1964 lidapempha boma kuti likhazikitse thumba la maphunziro a za umunthu lofanana ndi la sayansi. Mfundo yawo idali yakuti dziko lodziwa kupanga zida zoopsa koma losaphunzitsa nzika zake kuganiza za chilungamo ndi za kumene zidachokera lili pangozi.

Pa 29 Sepitembala 1965 Pulezidenti Lyndon B. Johnson adasaina lamulo lokhazikitsa mabungwe awiri amapasa: National Endowment for the Arts la zaluso, ndi NEH la maphunziro a za umunthu. Mmodzi mwa amene adalimenyera kwambiri lamuloli adali Claiborne Pell, phungu wa nyumba ya Senate wochokera ku Rhode Island. Lamulolo lidanena poyera kuti ulamuliro wa demokalase umafuna nzika zanzeru ndi zoona patali, ndipo lidaletsa akuluakulu a boma kulowerera m'kayendetsedwe ka mabungwe olandira thandizo. Wapampando wa NEH amasankhidwa ndi Pulezidenti kwa zaka zinayi, amavomerezedwa ndi Senate, ndipo lamulo limati azilangizidwa ndi anthu 26. Keeney adakhala pampandowo kuyambira mu 1966.

M'zaka zoyambirira ndalama zambiri za NEH zinkapita kwa akatswiri ofufuza, ku mayunivesite otchuka ndi ku malaibulale akuluakulu. Pell sadakondwe nazo. Bungwe la zaluso lidali kale ndi makhonsolo m'zigawo, koma la za umunthu linkagawa zonse kuchokera ku Washington. Iye ankafuna kuti wogulitsa m'golosale kapena wodula mitengo apeze nawo phindu la ndalama zimene msonkho wake udasonkha. Akuluakulu a NEH ankazengereza, poopa kuti thumba likagawidwa m'zigawo ntchito zidzatsika mtengo ndipo andale a m'maderamo adzalilowerera. Atapanikizidwa, mu 1971 adayesa m'zigawo zisanu ndi chimodzi, m'njira zitatu. Ku Maine ndi Oklahoma ndalama zidadzera m'makhonsolo a zaluso, ku Georgia ndi Missouri zidadzera m'nthambi za mayunivesite zophunzitsa anthu akuluakulu, pamene ku Oregon ndi Wyoming kudapangidwa makomiti atsopano a nzika zodzipereka. Njira yachitatuyi ndi imene idaoneka yamoyo, ndipo idatengedwa m'dziko lonse. Pofika mu 1980 zigawo zonse 50, Washington ndi Puerto Rico zidali ndi makomiti awo, ndipo zilumba zotsalazo zidatsiriza kulowa mu 1994.

Makomiti oyambawo adapatsidwa malire okhwima. Pulogalamu iliyonse inkayenera kukhudza nkhani imene anthu akulimbana nayo pa kayendetsedwe ka dera lawo, monga malo, sukulu, madzi kapena misonkho, ndipo pankayenera kukhala katswiri wa za umunthu wothandiza kuunika nkhaniyo. Akatswiri ambiri adavutika nalo lamuloli, chifukwa wodziwa ndakatulo zakale sadziwa msanga chonena kwa alimi okangana za mgodi. Koma m'madera ena lidabala zipatso zosayembekezeka. Khonsolo ya ku Mississippi idayamba mu 1972, patangopita zaka ziwiri makhoti atakakamiza sukulu za chigawocho kuleka kulekanitsa ana achikuda ndi achizungu. Motsogozedwa ndi Cora Norman, khonsoloyo idaumirira kuti misonkhano yake ikhale ya mitundu yonse, kuyambira okonza mpaka omvera. M'matauni ena, anthu amene adakulira moyandikana koma osakhalapo pa benchi limodzi adayamba kukambirana za maphunziro a ana awo m'chipinda chimodzi. Ndalama ya boma lalikulu idali ndi mphamvu imene ndalama ya munthu wa m'deralo idalibe: sinkaopa kukwiyitsa mfumu ya mzinda kapena mwini banki.

Mkangano wa Pell ndi NEH udafika pachimake mu 1976, pamene lamulo la bungweli linkaunikidwanso. Pell ankati makomitiwo amadzisankha okha ndipo sayankha kwa wina aliyense, choncho ankafuna kuti asanduke nthambi za maboma a zigawo. Wapampando wa nthawiyo, Ronald Berman, adakana, ndipo Pell adatsekereza kusankhidwanso kwake. Zimene adagwirizana pomaliza ndi zimene zidapatsa makhonsolo maonekedwe amene ali nawo lero. Adakhalabe oima paokha, koma bwanamkubwa wa chigawo adapatsidwa mphamvu yosankha ena mwa mamembala a bodi, gawo limene masiku ano limafika mmodzi mwa anayi alionse. Mamembala adayenera kumasinthana, osakhalira mpando mpaka kalekale. Lamulo lokakamiza kukamba za ndondomeko za boma zokhazokha lidachotsedwa, ndipo kudalamulidwa kuti ndalama zosachepera 20 pa 100 zilizonse za mapulogalamu a NEH zizipita m'zigawo. Chaka chotsatira makhonsolowo adapanga mgwirizano wawo umene lero ukutchedwa Federation of State Humanities Councils.

Kagawidwe ka ndalamazi ndi kamene kamafotokoza chifukwa chake makhonsolowa ndi ofunika kwambiri m'zigawo za anthu ochepa. Khonsolo iliyonse imayamba yalandira $200,000. Pa zotsalazo, 44 pa 100 zilizonse zimagawidwa mofanana, 22 zimagawidwa potsata chiwerengero cha anthu, ndipo 34 zimagawidwa monga wapampando wa NEH waonera. Motero chigawo cha Wyoming, chimene chili ndi anthu osakwana 600,000, chimalandira zochuluka pa munthu mmodzi kuposa California, kumene kuli anthu pafupifupi 39 miliyoni. Izi zidachitika mwadala. California ili ndi mabungwe olemera ndi anthu achuma opereka mphatso, pamene tauni ya oweta ng'ombe ku Wyoming ilibe kwina kogogoda.

Dola iliyonse ya boma imayenera kupezeredwa inzake. Khonsolo imaonetsa kuti yapeza ndalama zofanana kuchokera kwina, kapena thandizo losakhala ndalama, monga holo yoperekedwa ulere, maola a anthu odzipereka, kapena malo olengezera m'nyuzipepala. Kenako khonsoloyo imagawanso gawo lina la ndalamazo kwa timabungwe ta m'madera, kawirikawiri madola mazana angapo kapena masauzande ochepa. Kalata yofunsira thandizo imachokera kwa woyang'anira laibulale, kwa gulu losunga mbiri ya tauni, kwa akuluakulu a fuko la eni nthaka kapena kwa mphunzitsi wa sekondale, ndipo amene amaiweruza ndi anthu a m'chigawo chomwecho. Timabungwe totere sitikadatha kupikisana ndi yunivesite ya Harvard kapena bungwe la Smithsonian pa thumba la ku Washington, ndipo tambiri tilibe ngakhale wantchito mmodzi wolipidwa woti alembe chikalata chachitali. Wogwira ntchito ku khonsolo amene amayendetsa galimoto maola asanu kukathandiza gulu lotere kulemba kalata yake ndiye mtima weniweni wa dongosolo lonseli, ngakhale kuti dzina lake silioneka pa chikwangwani cha mwambo uliwonse.

Malire aja atachotsedwa mu 1976, chigawo chilichonse chidatenga njira yake. Ku North Dakota, khonsolo yotsogozedwa ndi Everett Albers idaukitsa matenti a Chautauqua m'njira yatsopano. Katswiri amavala ngati munthu wa m'mbiri, monga Thomas Jefferson, n'kulankhula m'mawu a munthuyo, kenako amayankha mafunso a omvera akadali m'chovalacho, ndipo pomaliza amavula udindowo n'kuyankha monga katswiri wodziwa zolakwa ndi zobisika za amene amamuimirayo. Njirayi idafalikira m'zigawo zoyandikana. Khonsolo yomweyo idathandiza kulipira filimu ya Northern Lights, yonena za alimi a chigawocho amene adapanga gulu la Nonpartisan League polimbana ndi eni mabanki ndi ogula tirigu. Ambiri mwa ochita seweromo adali anthu a m'deralo, ndipo filimuyo idapambana mphoto ya Caméra d'Or ku Cannes mu 1979.

Kuwerenga pamodzi kudakhala ntchito yofala koposa. Kudayamba m'malaibulale a ku Vermont kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene anthu ankabwereka mabuku ofanana n'kumakumana ndi mphunzitsi wa pakoleji kukakambirana. Khonsolo ya ku Louisiana idapita patsogolo mu 1991 poyambitsa Prime Time Family Reading Time ku Baton Rouge. Pulogalamuyi imaitana mabanja osauka, makolo ndi ana a zaka 6 mpaka 10, kubwera madzulo kamodzi pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi. Wofotokoza nthano amawerenga kabuku ka ana mokweza, ndipo katswiri amafunsa mafunso okhudza chilungamo, umbombo, kulimba mtima kapena kukhulupirika. Okonza adazindikira msanga kuti banja silingabwere ngati ana ali ndi njala kapena ngati palibe choyendera, choncho chakudya ndi mayendedwe zidakhala gawo la bajeti. Kholo limene silidamalize sukulu limapeza kuti maganizo ake pa nthanoyo akumvedwa pamaso pa mwana wake, ndipo mwina ili ndilo phindu lalikulu la pulogalamuyo kuposa kuwerenga kwenikweniko.

Mu 1994 bungwe la Smithsonian lidagwirizana ndi makhonsolo kuyambitsa Museum on Main Street. Chionetsero chokonzedwa ku Washington, cha mutu monga chakudya, madzi, ntchito kapena kusintha kwa moyo wa kumudzi, chimapakidwa m'mabokosi n'kuyendera matauni aang'ono angapo m'chigawo, masabata pafupifupi asanu ndi limodzi pa tauni iliyonse. Khonsolo imasankha matauni, imalipira zina mwa zofunika, ndiponso imaphunzitsa eni dera kukonza chionetsero chawochawo chotsagana ndi chobweracho. Apa ndi pamene zithunzi zakale zimatuluka m'masutikesi ndipo nkhalamba zimajambulidwa mawu. Mabokosi akapita, zosonkhanitsa za eni tauni zimatsala.

Earl Shorris adayambitsa Clemente Course ku New York mu 1995, yophunzitsa anthu osauka zolembalemba, nzeru za kaganizidwe, mbiri ya dziko ndi mbiri ya zaluso pa mlingo wa koleji, ulere, ndi mabuku, ndalama ya basi ndi olera ana zoperekedwa. Makhonsolo a ku Massachusetts, Illinois ndi Oregon adaitenga n'kuikhazikitsa m'madera mwawo. Khonsolo ya ku Maine idayamba mu 1997 kusonkhanitsa madokotala, anamwino ndi ogwira ntchito ena a m'chipatala kuti aziwerenga nkhani ndi ndakatulo zonena za matenda ndi imfa, ndipo pambuyo pake njira yomweyo idafikira asilikali obwera kunkhondo. Ku Tennessee khonsolo idayambitsa chikondwerero cha mabuku ku Nashville mu 1989, ya ku Virginia idayambitsa chake mu 1995, ndipo ya ku Georgia idatsegula buku lalikulu lofotokoza za chigawocho pa intaneti mu 2004. Ku Minnesota, khonsolo idagwira ntchito ndi atsogoleri a mafuko a Dakota ndi Ojibwe kukonza chionetsero cha Why Treaties Matter mu 2011, chofotokoza mapangano amene mafukowo adasainirana ndi boma, monga eni ake amawamvera.

Ndalama ya boma sibwera yokha, imabwera ndi maso a andale. Mu 1981 boma la Ronald Reagan lidapempha kuti bajeti ya NEH idulidwe pafupifupi theka, koma aphungu adadula pang'ono chabe. Wapampando watsopano, William Bennett, adadzudzula poyera filimu yonena za dziko la Nicaragua imene khonsolo ya ku Wisconsin idathandiza, ponena kuti idali yokopa anthu pa ndale. Kuyambira pamenepo makhonsolo adayamba kusamala kwambiri kuti pulogalamu ya nkhani yokanganitsa ikhale ndi mbali zonse, ndipo ena amati kusamalako kudawachititsa mantha kukhudza nkhani zina zofunika.

Chimphepo chachikulu chidaomba mu 1995. Chaka cham'mbuyo mwake kudabuka mkangano pa ndondomeko yophunzitsira mbiri ya dziko m'sukulu, imene NEH idathandiza kulipira. Lynne Cheney, amene adali wapampando pamene ndalamazo zinkaperekedwa, adaidzudzula kuti ikunyoza ngwazi za dziko n'kukuza zolakwa zake, ndipo Senate idaikana ndi mavoti 99 kwa 1. Chipani cha Republican chitatenga nyumba zonse ziwiri za malamulo, Cheney ndi Bennett adauza aphungu kuti bungwe limene iwo eni adalitsogolera lithetsedwe. Silidathetsedwe, koma bajeti yake idagwa kuchoka pa $172 miliyoni kufika pa $110 miliyoni. Makhonsolo a m'zigawo adadulidwa pang'ono poyerekeza ndi nthambi zina, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: phungu aliyense, wa chipani chilichonse, adali ndi laibulale kapena nyumba yosungiramo zinthu zakale m'dera lake imene idalandirapo thandizo. Dongosolo limene akuluakulu a NEH adalilandira monyinyirika mu 1971 ndi limene lidathandiza kupulumutsa bungwe lonselo. Gawo la makhonsolo lidapitiriza kukula mpaka kufika pafupifupi 40 pa 100 zilizonse za ndalama za mapulogalamu.

Phunziro la 1995 lidakankhira makhonsolo kufunafuna ndalama kwina. Ena adapeza gawo m'bajeti za maboma a zigawo zawo, ena adadalira makampani ndi mabungwe achifundo. Chitsanzo chosowa ndi cha ku Minnesota, kumene ovota mu 2008 adavomera kukweza msonkho wa pa malonda ndi magawo atatu mwa asanu ndi atatu a 1 peresenti kwa zaka 25, ndipo 19.75 peresenti ya ndalamazo imapita ku zaluso ndi chikhalidwe. Koma kufunafuna kumeneku kudakomera amene adali kale pabwino. M'zigawo zakumidzi ndi pa zilumba, ndalama za NEH zidakhalabe gawo lalikulu la bajeti ya khonsolo. Thumba lenilenilo silidabwerere mwakale: mu 1980 NEH idali ndi pafupifupi $150 miliyoni, ndipo $207 miliyoni ya mu 2024 sidafike ngakhale theka la mphamvu yogulira ya ndalama zija. Pa $207 miliyoni imeneyo, pafupifupi $65 miliyoni ndi imene idapita ku makhonsolo onse 56. Bungwe lonse limadya ndalama yosakwana dola imodzi pa nzika iliyonse pachaka.

Otsutsa, monga mabungwe a Heritage Foundation ndi Cato Institute, akhala akunena kuti chikhalidwe si ntchito ya boma lalikulu, kuti msonkho wa munthu wosauka ukulipira zokonda za anthu ophunzira, ndiponso kuti mphatso za anthu paokha n'zochuluka kwambiri kuposa thumba la NEH moti kulithetsa sikungasinthe kanthu. M'mfundo yachiwiriyo muli choonadi chimene makhonsolo eni ake amavomereza: kwa zaka zambiri omvera ambiri adali achikulire, azungu ndi ofika kukoleji, ndipo mapulogalamu a m'ndende, a mabanja osauka ndi a zilankhulo za obwera adakula pofuna kukonza zimenezi. Palinso vuto la muyeso. Khonsolo ikhoza kuwerenga anthu amene adabwera ndi ndalama zimene thandizo lake lidakopa, koma singayeze pa sikelo zimene zidasintha mumtima wa namwino atawerenga nkhani ya wodwala. Pofuna kukondweretsa aphungu, makhonsolo nthawi zina amalankhula chilankhulo cha malonda, za alendo ogona m'mahotela ndi kudya m'malesitilanti, ndipo chilankhulo chimenechi chimapeputsa ntchito yawo yeniyeni.

Mfundo yachitatu ndiyo yofooka. Mphatso za anthu olemera n'zochuluka ndithu, koma zimaunjikana m'mizinda ikuluikulu ndi m'mabungwe otchuka kale, ndipo woperekayo amakonda nyumba yooneka kapena mwambo wokhala ndi dzina lake. Palibe amene amathamangira kulipira lendi ya ofesi, mafuta a galimoto, wowerengera ndalama, kapena malipiro a wantchito woyendera matauni akutali. Izi ndi zimene ndalama ya boma imalipira, ndipo popanda izo mphatso zinazo zimasowa podzera. Kalata yonena kuti khonsolo yavomereza pulogalamu imakhalanso ngati chidindo chimene gulu laling'ono limaonetsa kwa banki kapena sitolo ya m'tauni popempha thandizo lowonjezera.

Kuyambira mu 2017 boma la Donald Trump linkapempha chaka ndi chaka kuti NEH itsekedwe, koma aphungu a zipani zonse ankakana n'kumaonjezera bajeti pang'onopang'ono. Mliri wa COVID-19 utatseka zitseko mu 2020, Nyumba ya Malamulo idapatsa NEH $75 miliyoni yapadera, ndipo mu 2021 idaonjezera $135 miliyoni. Pafupifupi 40 pa 100 zilizonse zidadzera m'makhonsolo, chifukwa ndiwo adali kale ndi mayina, manambala a foni ndi mbiri ya timabungwe ta m'madera. M'masabata ochepa ndalama zidafika ku tinyumba tosungiramo zakale tambiri timene tikadatsekeratu.

Mu Malichi 2025, Trump atabwerera pampando, Shelly Lowe, wa fuko la Navajo, amene adali mwini nthaka woyamba kutsogolera NEH, adachotsedwa. Kumayambiriro kwa Epulo, gulu lodula ndalama za boma lotchedwa DOGE litalowa m'bungwelo, makhonsolo adalandira makalata owauza kuti thandizo lawo lathetsedwa nthawi yomweyo, chaka cha bajeti chili pakati. Mathandizo ena oposa 1,000 a mayunivesite, malaibulale ndi akatswiri adathetsedwanso, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito ku NEH adaimitsidwa. Chosiyana ndi 1995 chidali chakuti Nyumba ya Malamulo idali itavomereza kale ndalamazo. Makhonsolo ambiri adaimitsa kugawa thandizo, adalepheretsa mapulogalamu amene adali atalengezedwa, ndipo adachotsa antchito. Kumapeto kwa mwezi womwewo bungwe la Mellon Foundation lidapereka $15 miliyoni yadzidzidzi, $200,000 ku khonsolo iliyonse ndi $50,000 ina kwa imene ingapeze ndalama zofanana nayo kwa anthu a kwawo, koma lidanenetsa kuti silingalowe m'malo mwa boma. Mu Meyi khonsolo ya ku Oregon pamodzi ndi Federation of State Humanities Councils idakasuma kukhoti. Mu Ogasiti woweruza Michael Simon wa ku Portland adapeza kuti kuthetsa thandizoko kukuoneka kuti kudaphwanya malamulo aakulu a dziko, popeza mphamvu yogawa chuma cha boma ili m'manja mwa Nyumba ya Malamulo, ndipo adaletsa boma kugwiritsa ntchito ndalama za makhonsolozo pa zinthu zina mlanduwo usadathe.